Khutuba ya Lachisanu: Matenda Obwerabwera a Maganizo ndi Udindo Wathu kwa Wodwala ndi Banja Lake

KHUTUBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene adalenga munthu nampatsa thupi, mtima ndi nzeru, naziika zonsezi m'manja mwake monga katundu wosungitsidwa. Tikumutamanda pa tsiku la thanzi ndi pa tsiku la matenda, pakuti masiku awiri onsewa ndi Ake. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah Yekha, ndipo ndikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mu zabwino mpaka tsiku la Kiyama.

Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha, kenaka ndikukulangizani inu, kuti tiope Allah poyera ndi mseri. Dziwani kuti kuopa Allah kumayesedwa kwambiri m'nyumba zathu, pamene chitseko chatsekedwa ndipo tatsala ndi munthu wofooka amene alibe kokadandaula.

Asilamu anzanga, lero tikambe za matenda amene ali m'mabanja mwathu ngakhale ambiri a ife sitidziwa dzina lake. Tiyerekeze bambo wina, msodzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, munthu waulemu amene timaima naye pa mzere umodzi wa Swala. Sabata ina tulo timuthawa. Agona maola awiri okha, koma m'mawa adzuka ndi mphamvu zoposa za mnyamata. Ayankhula mosalekeza, kusiya nkhani iyi kugwira ina, ndipo palibe wotha kumudula mawu. Agulitsa ukonde umene umadyetsa ana ake, akongola mametikali kwa anansi, nalonjeza kuti mwezi wamawa adzakhala ndi maboti asanu a injini. Mkazi wake akafunsa, mkwiyo uyaka, mawu a twalaka natuluka pakamwa. Usiku wonse achezera mu mzikiti, ndipo ayamba kuuza anthu kuti iye ndi wosankhidwa mwapadera amene akuona zimene ena sakuona.

Pakapita masabata angapo moto uja uzima. Munthu yemwe uja tsopano sadzuka pa mphasa. Sasamba, nsima izizira pambali pake, adhana imveka koma miyendo ikana. Akumbukira ngongole zija ndi mawu aja, manyazi amuphimba, ndipo anong'oneza kuti banja lake likadapuma iye akadapanda kukhalapo. Kenaka, pang'onopang'ono, abwerera mwakale, ndipo papita miyezi kapena zaka ali bwinobwino, kufikira tsiku lina tulo tiyambanso kuthawa.

Pa nthawi yoyamba ija ife timati wadzikuza, wasuta chamba, kapena adakhwimira chuma ndipo zamutembenukira. Pa nthawi yachiwiri timati ndi waulesi, imani yake yachepa. Pawiri ponsepa timakhala tamunamizira m'bale wathu. Awa ndi matenda. Madokotala amawatcha bipolar, kutanthauza matenda a nsonga ziwiri, chifukwa mtima wa wodwala umakankhidwira ku mapeto awiri otalikirana, kukwera kopitirira muyeso ndi kugwa kopitirira muyeso. Zimenezi nzosiyana ndi kukondwa ndi kukhumudwa kumene aliyense amakumana nako pa tsiku. Kukwera kuja kumatha sabata kapena kuposerapo, kugwa kumatha masabata awiri mpaka miyezi, ndipo zonse ziwiri zimasokoneza ntchito, banja ndi ibada.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni adali ndi matendawa. Amagwira amuna ndi akazi, olemera ndi osauka, oswali ndi osaswali, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akadali wachinyamata. Amayenda m'mtundu, kotero kuti amene kholo kapena m'bale wake adadwala ali pa chiopsezo chokulirapo, ngakhale kuti ana ambiri a odwala sadwala. Gwero lake lili mu ubongo, chiwalo chimene chimadwala monga momwe chiwindi kapena impso zimadwalira. Zimene zimawadzutsa ndi kusowa tulo, mavuto aakulu monga maliro, mowa ndi chamba, kusiya mankhwala, ndiponso, kwa amayi, masabata oyamba atangobereka.

Mfundo imene ndikufuna mutuluke nayo pa khomo la mzikiti lero ndi yakuti matendawa ndi okhalitsa. Malungo timamwera mankhwala masiku atatu nkuiwala, koma awa amafanana ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, matenda amene munthu amakhala nawo ndi kuwasamala moyo wake wonse. Msodzi amadziwa kuti nyanja ikagona phee m'mawa sindiye kuti mwera wapita osadzabweranso, ndipo sataya nkhafi chifukwa lero kulibe mafunde. Mabanja ambiri amagwa pomwepa. Wodwala akapeza bwino onse amati wachira, mapiritsi atayidwa, ndipo pakapita miyezi matenda abwerera nakokolola zimene banja lidayamba kumanganso. Koma amene amamwa mankhwala mosadumphitsa, kugona tulo tokwanira ndi kukhala pakati pa abale omvetsa, ambiri amagwira ntchito, amalera ana ndipo amatumikira chipembedzo monga wina aliyense.

Wina afunsa kuti, kodi si majini amenewa? Ife timakhulupirira kuti majini alipo, ndiponso kuti ruqya yochokera m'Qur'an ndi m'madua a Mtumiki ndi yololedwa. Koma kuthamangira kutchula majini pa vuto lililonse la maganizo ndi kuyankhula za zobisika popanda kuzindikira. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalamula anthu kufunafuna mankhwala, nawatsimikizira kuti Amene adalenga matenda adalenganso machiritso. Choncho muwerengereni wodwala Qur'an, mupemphereni, ndipo tsiku lomwelo mutengereni ku chipatala. Choletsedwa ndi kupita kwa wolosera kukafunsa amene walodza, pakuti kumeneko timataya tauhidi, timataya ndalama, ndipo timabwerako tikuloza chala agogo osalakwa.

Asilamu akale sadachite nazo manyazi zimenezi. Chipatala chimene Ahmad ibn Tulun adamanga ku Iguputo cha m'ma 872 chidali ndi malo osamalira odwala maganizo. Abu Zayd al-Balkhi, amene adamwalira mu 934, adasiyanitsa chisoni chimene chili ndi chifukwa chodziwika ndi chisoni chimene chimangomugwera munthu popanda chifukwa chooneka, ndipo adati chachiwirichi gwero lake lili m'thupi ndipo chimafuna mankhwala. M'nthawi yathu ino Allah adatsegula khomo lina pamene dokotala John Cade wa ku Australia adaonetsa mu 1949 kuti mankhwala otchedwa lithium amakhazika pansi kukwera kuja, ndipo pambuyo pake padapezekanso ena. M'dziko lathu lino, kuwonjezera pa zipatala za matenda a maganizo za ku Infulene ku Maputo ndi ku Nampula, boma lidaphunzitsa ogwira ntchito otchedwa técnicos de psiquiatria amene amapezeka m'zipatala za zigawo monga Lichinga ndi Tete ndi m'maboma. Funsani pa chipatala chapafupi ndipo adzakulozerani.

Nanga Sharia ikuti chiyani pa zochita za wodwalayu? Mtumiki adatidziwitsa kuti munthu amene nzeru zamuchokera salembedwa machimo kufikira zitabwerera, monganso mwana ndi wogona. M'nthawi ya ukhalifa wa Umar, Allah asangalale naye, mayi wina wodwala misala adabweretsedwa kuti alangidwe, ndipo Ali, Allah asangalale naye, adakumbutsa Umar chiphunzitsochi, mayiyo namasulidwa. Maulama a fiqh adasiyanitsa kusokonezeka kwa nzeru kosalekeza ndi kumene kumabwera ndi kupita. Adati wa mtundu wachiwiriwu amaweruzidwa monga wina aliyense pa nthawi imene ali bwino, koma pamene nzeru zaphimbika mlandu sumuwerengedwa. Kuchokera apa tipeze malangizo anayi.

Loyamba ndi la twalaka. Maulama adagwirizana kuti twalaka ya munthu amene nzeru zamuchokera siigwa. Koma si kukwera kulikonse kumene kumachotsa nzeru zonse. Choncho banja lisadzigamulire lokha. Nkhaniyo ipite kwa mashehe odziwa, amve mboni ndi zonena za kuchipatala, ukwati usathe chifukwa cha mawu a matenda.

Lachiwiri ndi la chuma. Mu Surah An-Nisa, ndime 5, Allah akuletsa kusiya chuma m'manja mwa amene sangathe kuchisamala, ndipo pomwepo akulamula kuwapatsa zosowa zawo ndi kuwayankhula mwaulemu. Amene agula ukonde, njinga kapena munda pa mtengo wozizira kwa munthu amene akumuona kuti wadwala, wadya haramu. Komiti ya mzikiti nayo isalandire chopereka chachikulu kwa munthu wotere isanafunse akubanja lake. Kumbukirani kuti Sa'd ibn Abi Waqqas atadwala adafuna kusiya wasiya wopereka gawo lalikulu la chuma chake, koma Mtumiki sadamulole kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, poganizira otsala m'mbuyo.

Lachitatu ndi la kusala. Surah Al-Baqarah ikuloleza wodwala kumasula ndi kudzabweza masiku ena, ndipo amene matenda ake sangamulole kubweza amapereka fidya. Mwezi wa Ramadhani umasintha tulo chifukwa cha Taraweh ndi daku, ndipo kwa amene amamwa lithium, kuchepa kwa madzi m'thupi kumachititsa mankhwalawo kuchuluka m'magazi mpaka kuvulaza. Wodwala akaonane ndi dokotala mwezi usanaoneke. Ena amatha kusala akawasinthira nthawi yomwera mankhwala, ena sangathe, ndipo amene wamasula motsatira uphungu walandira chifundo cha Mbuye wake. Asapezeke womunyoza.

Lachinayi ndi la ibada za usiku. Tsiku lina Mtumiki adalowa mu mzikiti napeza chingwe chomangidwa pakati pa nsanamira ziwiri, chimene Zaynab ankagwira akatopa poswali usiku. Adalamula kuti chimasulidwe, naphunzitsa kuti kutopa kukafika munthu apume. Abdullah ibn Amr nayenso adamubweza pa kusala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse, pomukumbutsa ufulu wa thupi lake ndi wa banja lake. Tikaona mnyamata wayamba mwadzidzidzi kuchezera mu mzikiti usiku ndi usiku, kulalikira mosalekeza ndi kudzitcha maudindo aakulu, tisafulumire kunena kuti wasanduka waliyi, ndiponso tisamuthamangitse ngati wosokoneza. Timufunse mwachikondi kuti adagona liti komaliza, ndipo tidziwitse makolo ake.

Ndikunena mawu angawa ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachifundo.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah amene amaona misozi yogwa usiku pamene anthu onse ali m'tulo. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, amene adali pothawira pa ofooka.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, matendawa amagwira munthu mmodzi koma amasenzedwa ndi nyumba yonse. Taganizirani mkazi wa msodzi uja. Usiku sagona, amangomvetsera ngati chitseko chatseguka. Ndiye amene amamanga ndalama za ufa pa nsonga ya chitenje kuti zisatengedwe, ndiye amene amalandira angongole pa khomo, ndiye amene amamva chipongwe kuchokera pakamwa pomwe dzulo pamatuluka mawu okoma. Pamwamba pa izi, achibale a mwamuna amanong'onezana kuti ndi iyeyo adamudyetsa mankhwala. Taganizirani ana, amene anzawo amawaseka kuti ana a wamisala, ndi mwana wachisamba amene amasiya sukulu ndi madrasa kuti alondere kholo lake. Wodwala akakhala mayi, pamapezeka alangizi ouza mwamuna kuti ambweze kwawo, ngati kuti nikah idamangidwira masiku a thanzi okha. Taganiziraninso makolo okalamba amene amadzifunsa kuti tikamwalira mwana wathuyu adzamusunga ndani.

Kwa inu osamalira odwala, amene mwina mwakhala pakati pathu pano kapena kumbali ya amayi, ndikuti kutopa kwanu si tchimo. Masiku ena mumakwiya, kenaka mumadziimba mlandu chifukwa chokwiya. Surah Yusuf ikutiuza za Mneneri Ya'qub, amene adalira mwana wake mpaka maso adachita khungu, nadandaulira Allah za chisoni chake, komabe ndi iye amene timamutchula tikamaphunzitsa kupirira. Kupirira sikuletsa kulira kapena kupempha thandizo. Kupirira sikutanthauzanso kukhala chete pamene mukumenyedwa kapena ana ali pa ngozi. Zikafika pamenepo chokani ndi ana, itanani abale, wodwala apite ku chipatala tsiku lomwelo. Kumuteteza kuti asachite chimene adzalire nacho akadzabwerera m'nzeru ndi chifundo kwa iye mwini.

Kwa ife jamaa, Allah adatidziwitsa kumapeto kwa Surah Al-Baqarah kuti sasenzetsa munthu zoposa mphamvu zake. Nanga ife tikusiyiranji mayi mmodzi mtolo wa anthu khumi? Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Munthu akathyoka mwendo timapita kukamuzonda ndi shuga ndi sopo, koma akadwala maganizo timalambalala nyumba yake. Sunnah yozonda odwala siidapatule matenda. Anas, Allah asangalale naye, adasimba za mayi wina amene nzeru zake zidali ndi vuto, amene adauza Mtumiki kuti ali ndi chosowa. Mtumiki adamulola asankhe yekha njira yoti akakambirane, naima naye mpaka chosowa chake chidatha. Mtsogoleri wa Ummah adapeza nthawi ya mayi amene ife tikadamupitikitsa.

Tiyeni tsono tichite zooneka. Abale asinthane masiku olondera kuti wosamalira agoneko. Achinyamata akalime munda wa banja limene bambo wake wagona. Banja limene lasauka kapena lamira m'ngongole chifukwa cha matendawa lili ndi gawo mu Zakaat, ndipo ndalama ya chapa yopitira kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi ndi sadaka imene imasunga nyumba yonse. Unyolo, chingwe ndi chikwapu sizichiritsa. Zimasiya zilonda m'miyendo ndi chidani mu mtima, ndipo wodwala amakumbukira zonse akadzapeza bwino.

Tisunge malirime athu. Surah Al-Hujurat ikuletsa kuchitirana chipongwe, kuitanana maina onyoza ndi miseche. Ibn Abbas adasimba za mayi amene ankadwala khunyu, ndipo akagwa thupi lake linkaonekera. Mtumiki adamuuza za Jannah ngati malipiro a kupirira kwake, ndipo iye adasankha kupirira, koma adapempha kuti amupempherere kuti asamavulike akagwa, Mtumiki namupempherera. Taonani chimene wodwala amachiopa kwambiri, ndicho kuyalutsidwa. Lero m'bale wathu akavula malaya pa msika kapena akayamba kukuwa pa msewu, mafoni amatuluka m'matumba, ndipo dzuwa lisanalowe kanema wake wazungulira pa WhatsApp. Amene wajambula ndi amene watumiza onse aulula chimene adalamulidwa kuphimba. Vulani chovala chanu mumufunditse, mumuperekeze kwawo.

Pali chinthu china cholemera chimene sitiyenera kuchibisa. Odwala matendawa ali pa chiopsezo chachikulu chodzipha, makamaka pa nthawi ya kugwa. Munthu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, akayamba kutsanzika kapena kugawa zinthu zake, musamuyankhe ndi ulaliki wa Moto. Khalani naye pafupi, mufunseni mosabisa zimene akuganiza, chotsani mankhwala a m'munda, zingwe ndi mapiritsi ochuluka, musamusiye yekha, ndipo fulumirani naye ku chipatala. Kudzipha ndi tchimo lalikulu, koma amene nzeru zake zidagonjetsedwa ndi matenda, chiweruzo chake chili kwa Allah amene amadziwa zimene ife sitidziwa. Maulama ambiri adati ngakhale wotere amasambitsidwa ndi kuswalilidwa jeneza. Banja lake lifunika chitonthozo chathu.

Pomaliza, kwa inu amene Allah wakuyesani ndi matendawa. Simuli otembereredwa ndipo imani yanu si yopereŵera. Mtumiki adatiuza kuti zowawa zonse zimene zimamupeza Msilamu, za m'thupi ndi za mu mtima, zimamufafanizira machimo. Koma masiku amene muli bwino ndi amanah pa inu. Imwani mankhwala ngakhale mukumva kuti mwachira. Akamakuvutitsani ndi kunjenjemera, kunenepa kapena kuwodzera, kauzeni dokotala m'malo mowasiya nokha. Gonani ndi kudzuka pa nthawi yake, ndipo talikiranani ndi mowa ndi chamba. Sankhani munthu mmodzi womukhulupirira, mugwirizane naye muli bwino kuti tulo tikayamba kuthawa iye asunge ndalama ndi kukutengerani ku chipatala ngakhale mudzakane. Pepesani kwa amene mudawapweteka, ndipo bwezani pang'onopang'ono zimene zidawonongeka, pakuti ngakhale tchimo silidalembedwe, katundu wa munthu amabwezedwa. Pofuna ukwati musabise matenda, chifukwa ukwati womangidwa pa chinyengo umagwa pa mayeso oyamba, ndipo akuchikazi kapena akuchimuna akamva asaone ngati nkhani yathera pomwepo. Mayi amene akuyembekezera kapena akufuna kutenga pakati akambirane msanga ndi dokotala, chifukwa mankhwala ena, monga valproate, amavulaza mwana m'mimba, pamene kusiya mankhwala mwadzidzidzi nakonso nkoopsa.

O Allah, chiritsani odwala athu, amene matenda awo akuoneka ndi amene matenda awo ndi obisika. O Allah, khazikani pansi mitima yowinduka ndipo dzutsani mitima yogwa. O Allah, apatseni tulo amene tulo tawathawa. O Allah, limbitsani amayi, abambo, ana ndi makolo amene akusamalira odwala, ndipo usiku uliwonse umene adachezera muulembe pa mlingo wa zabwino zawo. O Allah, tikhululukireni pa amene tidawaseka, pa amene tidawanamizira ndi pa nyumba zimene tidazilambalala. O Allah, tisungireni nzeru zathu kufikira tsiku limene mudzatitenge tili Asilamu. Dalitsani dziko lathu la Mozambique ndi mtendere, ndipo chitirani chifundo amoyo athu ndi akufa athu. Ameen.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.